Staph wanga akukana kutulutsa DNA, ndithandizeni

Lachiwiri madzulo

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto lomwe landidyera masabata awiri ndipo mtima wayamba kundiwawa. Polojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi yofufuza jini ya mecA, yomwe imapangitsa kachilombo kusamva mankhwala a methicillin, mu bakiteriya wa Staphylococcus aureus (Staph) wochokera m'zilonda. Ndili ndi ma isolate (tizilombo topatulidwa ku sampo n'kubzalidwa patokha) 24 a Staph, komanso 6 a E. coli omwe ndinawonjezera kuti ndizolowere ntchito. Njira ndi imodzi, tsiku limodzi, mankhwala omwewo. E. coli akutuluka bwino, mzere wa DNA yake pa jelo, pomwe timaonera ngati DNA yatuluka, ukuwala kwambiri. Koma mabowo onse 24 a Staph ali zii. Ndabwereza katatu. Kodi ndi dzanja langa kapena chiyani?

Mphatso: Asisi musadzinene choncho, aliyense pagulu pano anadutsamo. Ine ndikukayikira ethanol. Chaka chatha zinandichitikira, sindinkaumitsa bwino kasefa ka m'kiti kogwira DNA kaja ndikatsuka. Poika sampo pa jelo inkangoyandama n'kutuluka m'bowo ndikuiona ndi maso. Muzizunguza kasefa kopanda kanthu kwa mphindi ziwiri musanathire bafa yotulutsira DNA.

Tadala: Ndimatero achimwene. Ndipo ikanakhala ethanol, bwenzi E. coli nayenso akuvuta, si choncho?

Mphatso: Zoona. Apo mwandigwira.

Bambo Chirwa: Tadala mwanawe, tandilembera njira yonse kuyambira pa mbale mpaka pa jelo. Usadumphe ngakhale chomwe ukuchiona chaching'ono.

Tadala: Zikomo bambo. Ndimatenga koloni imodzi n'kuibzala mu broth, msuzi womeretsera tizilombo, usiku wonse pa 37°C. M'mawa ndimatapa 1.5 ml, kuzunguza, kutaya madzi apamwamba. Nsenga zotsala pansi ndimazisungunula mu bafa ya TE, kenako lysozyme, enzyme yodula khoma la bakiteriya, kwa mphindi 30 pa 37°C. Ndikatero ndimathira bafa ya m'kiti ndi proteinase K yogaya mapuloteni, ola limodzi pa 56°C. Kenako ethanol, kasefa, kutsuka kawiri, kutulutsa mu 50 µl. Pa NanoDrop, makina oyeza kuchuluka kwa DNA, E. coli akundipatsa cha m'ma 80 ng/µl, Staph sakufika ndi 4 yomwe.

Bambo Chirwa: Chabwino. Tsopano funso lomwe silili pa pepala lako. Ola la pa 56°C lija litatha, unakweza machubu kuwayang'ana ku kuwala? Ankaoneka bwanji?

Tadala: A E. coli anali oyera, mumaonekera mkati, ndipo pokoka ndi pipeti ankananda ngati therere. A Staph anatsala oderako, ngati madzi otsukira mpunga. Ndinkaganiza kuti ndi mmene amakhalira.

Bambo Chirwa: Ndiye yankho wadzipatsa wekha. Kunanda kwa therere kuja ndi DNA imeneyo, yatuluka m'maselo n'kutambasuka m'madzi. Chubu chikatsala ngati madzi a mpunga ndiye kuti tizilombo tikadali tathunthu, sitinaphulike. Iwe masabata awiri onsewa wakhala ukuthira Staph wamphumphu pa kasefa n'kumutsuka. Kiti ilibe mlandu, dzanja lako lilibe mlandu. DNA sinatuluke m'nyumba mwake.

Tadala: Koma bambo, pepala la m'kitimo likuti kwa mabakiteriya a Gram positive, a khoma lokhuthala monga Staph, thirani lysozyme. Ndatsatira ndendende.

Mayi Mbewe: Ndilowererepo pang'ono. Pepalalo silinanama, koma mawu oti Gram positive ndi bulangeti lalikulu, lafunditsa anthu osiyana. Khoma la bakiteriya limapangidwa ndi peptidoglycan, tinene kuti mphasa ya maunyolo a shuga olukidwa ndi tizingwe ta amino acid. E. coli ali ndi kamphasa kopyapyala, moti mankhwala a EDTA ndi SDS pamodzi ndi proteinase K zimamukwanira. Bacillus subtilis ali ndi yokhuthala koma lysozyme imaidula bwino chifukwa imaluma pamfundo yolumikiza shuga awiriwo. Staph aureus ndi wina. Iye amamatira timagulu ta acetyl pa shuga wakeyo, ndiye lysozyme imalephera kugwira. Si mwangozi ayi. Lysozyme ili m'misozi, m'malovu ndi m'mamina mwathu, ndipo Staph amakhala m'mphuno za anthu ambiri osadwala. Kachilombo komwe kamagona m'dziwe la lysozyme tsiku lililonse sikangaope madontho anu a mphindi 30.

Thoko: Pepani akuluakulu, ine ndili chaka choyamba, ndimangowerenga mwakachetechete. Lysozyme ya mu labuyo amaitenga m'mamina?

Mayi Mbewe: Funsa momasuka Thoko. Alexander Fleming anaitulukiradi m'mamina ake omwe ali ndi chimfine, n'kulemba za iyo mu 1922, penicillin asanamupeze. Koma yomwe timagula imachokera ku choyera cha dzira la nkhuku, chifukwa mmenemo ilimo yambiri.

Tadala: Nanga ndithire chiyani mayi?

Mayi Mbewe: Mankhwala ake enieni ndi lysostaphin. Tizingwe tomwe tamanga khoma la Staph aureus tili ndi mlatho wa ma glycine asanu ondondozana, ndipo lysostaphin imadula pamenepo. Chosangalatsa n'chakuti anaipeza kwa m'bale wake yemwe, Staphylococcus simulans, yemwe amaigwiritsa ntchito pophera anzake. Ukaithira pa 37°C chubu chimayera ukuchiona.

Mphatso: Vuto lake ndi mtengo ndi kudikira. Kabotolo kakang'ono ndalama zake n'zosayamba kwa wophunzira, ndipo kuitanitsa kunja n'kudikira miyezi. Ife tinali nayo, magetsi anathima kumapeto kwa sabata, jenereta sinayake, firiji ya -20°C inasungunuka. Lolemba tinapeza madzi pansi. Tinapitiriza kuigwiritsa ntchito koma mphamvu inali itachepa, ndipo zinatitengera nthawi kuzindikira. Kuyambira pomwepo enzyme iliyonse timaigawa m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwe yafika, kuti tisamasungunule yonse kawirikawiri.

Yamikani: Ine ndikuona kuti mukumuvutitsa mwana. Akufuna PCR, njira yochulukitsa jini kuti ioneke pa jelo, ya jini imodzi basi. Tadala, tenga makoloni awiri atatu, ika mu 100 µl ya madzi oyera a PCR, wiritsa pa 95°C mpaka 100°C mphindi 10, zunguza, tapa 2 µl zapamwamba. Basi. Palibe kiti, palibe lysostaphin. Ine ndachita choncho ndi Salmonella ndi Klebsiella kosawerengeka.

Mayi Mbewe: Mwatchula Gram negative okhaokha, a khoma lopyapyala ngati E. coli, a Yamikani.

Yamikani: Ndi Staph yemwe ndayesapo mayi, imatuluka. PCR sifuna DNA yambiri. Ngakhale ataphulika maselo ochepa pa zikwizikwi, zakwana.

Mayi Mbewe: Sindikukana, nthawi zambiri imatuluka. Nkhawa yanga ili pa tsiku lomwe situluka. Tadala akufufuza mecA. Mzere ukapanda kuoneka adzalemba kuti kachilomboka kalibe mecA, kutanthauza kuti si MRSA, Staph aureus wosamva methicillin. Koma mwina kali nayo, kungoti sikanaphulike. Cholakwika chotero chimalowa mu lipoti mwakachetechete, palibe amachiona. Ndiye kaya awiritsa kaya agwiritsa ntchito kiti, chubu chilichonse chikhale ndi mboni. Aike ma primer (tizidutswa ta DNA tolozera PCR jini yoti ichulukitse) a nuc, jini yomwe Staph aureus aliyense ali nayo, kapena a 16S, yomwe ili mwa bakiteriya aliyense. Mboni ikapanda kuoneka, zotsatira za sampo imeneyo n'zosawerengedwa.

Yamikani: Pa mboni ndikugwirizana nanu kwathunthu. Komabe ndikuti ayambe ndi chotchipa. Makiti amatha, ndipo wophunzira yemwe amangodziwa kiti amaima manja m'khosi tsiku lomwe bokosi latha.

Tadala: Ma primer a nuc ndili nawo. Koma aphunzitsi anga anati DNA yotsala tiisunge, mwina ena adzaifuna pa sequencing, kuwerenga ndondomeko ya DNA, chaka chamawa.

Yamikani: Aa, ndiye zasintha. Yowiritsa sisungika. Imakhala yoduka, yosakanikirana ndi zinyalala za selo, pakapita masiku imawonongeka. Pamenepo ndabweza mawu.

Bambo Chirwa: Pali njira yapakati. Ngati mankhwala akukanika kusungunula khoma, liswe ndi mphamvu. Timikanda ta galasi ta 0.1 mm, tooneka ngati mchenga wosalala. Uthire m'chubu cha chivindikiro chopotokola pamodzi ndi nsenga zako ndi bafa. Ngati mulibe makina ogwedeza mikanda, mangirira chubucho chogona pa vortex, kamakina kogwedezera machubu, ndi tepi, gwedeza mphindi imodzi, ika pa ayezi mphindi imodzi, kubwereza kasanu kapena kupitirira. Ukazunguza, madzi apamwambawo upitirize nawo pa kiti monga mwa masiku onse. Ine ndili nato kabotolo, ungadzatenge mawa ndikaweruka. Ndimakwerera minibasi pa Ginnery Corner cha m'ma 5 koloko.

Tadala: Bambo Mulungu akudalitseni. Ndidzakhala ndilipo.

Chisomo: Chenjezo limodzi pa mikanda. Imaswa khoma koma imadulanso DNA. Pa PCR palibe vuto, pa sequencing ya makina a Illumina palibenso vuto lenileni poti DNA amaidula kale tizidutswa tating'ono. Koma akadzafuna makina ena a sequencing, MinION ya Nanopore, ubwino wake wonse uli pa ulusi wautali. Kumeneko ngakhale vortex wamba timaipewa, timangotembenuza chubu pang'onopang'ono ndi dzanja, ndipo nsonga ya pipeti timasankha yakukamwa kwakukulu. Ndiye lemba pa chubu ndi m'buku kuti DNA iyi inatuluka ndi mikanda, wodzaigwiritsa ntchito adziwe.

Lachitatu m'mawa

Thoko: Ndawerenganso zonse usiku. Ndili ndi mafunso awiri. Kasefa kaja kamagwira bwanji DNA osagwira zina? Nanga chiwerengero cha 1.8 chomwe aliyense amatchula n'chiyani?

Chisomo: M'kasefamo muli silica, chinthu chomwechi chopangira galasi. Mukakhala mchere wamphamvu wa guanidine pamodzi ndi ethanol, DNA imamatirira pa silica pomwe mapuloteni ndi zina zimadutsa. Ukatsuka ndi bafa ya ethanol imakhalabe pomwepo. Ukathira madzi kapena bafa yopanda mchere wambiri imamasuka n'kugwera m'chubu. Njirayi inatchuka ndi Boom ndi anzake ku Amsterdam mu 1990, ndipo makiti ambiri a lero ndi ana ake. Za 1.8, DNA imamwa kuwala kwambiri pa 260 nm, mapuloteni pa 280 nm. Ukagawa ziwirizo, DNA yoyera imapereka pafupifupi 1.8. Ikatsika kwambiri muli mapuloteni kapena phenol, ikakwera kufika ku 2.0 kawirikawiri muli RNA. Palinso 260/230 yomwe anthu amaiiwala, iyenera kukhala cha pa 2.0 mpaka 2.2. Ikagwa ndiye kuti mchere wa guanidine watsalira kapena muli shuga wa selo.

Mphatso: Ndipo NanoDrop isamakhulupiriridwe ikawerenga manambala aang'ono ngati 3 kapena 4 a Tadala aja. Pamenepo imangowerenga dothi. Siisiyanitsanso DNA ndi RNA. Ngati sampo ikupita ku sequencing, makina ena oyezera otchedwa Qubit ndiwo amanena zoona, chifukwa utoto wake umawala ukagwira DNA ya maulusi awiri yokha.

Bambo Chirwa: Thoko, ukafuna kuiona DNA ndi maso ako lero lomwe, pempha 3% KOH (potassium hydroxide). Dontho limodzi pa silaidi, sakanizamo koloni ya E. coli ndi lupu kwa kanthawi kosakwana mphindi, kenako kweza lupuyo pang'onopang'ono. Uona kaulusi konanda kakutsatira. Uchitenso ndi Staph, sipatuluka kanthu. Ndi nkhani yonse ya Tadala pa silaidi imodzi. Ife tinkachita zimenezi pofuna kutsimikiza Gram stain ikatikayikitsa.

Ndinenepo za kale pang'ono, chifukwa ana a makiti mumaphonya chinthu chokoma. Ife tinaphunzira ndi phenol, chloroform ndi isoamyl alcohol, 25:24:1. Ukazunguza, m'chubu mumagawika patatu: pansi phenol, pakati kachikopa koyera ka mapuloteni, pamwamba madzi okhala ndi DNA. Umatapa apamwambawo mpweya uli m'khosi kuopa kukhudza kachikopako. Kenako sodium acetate ya 3 M, gawo limodzi pa magawo khumi, ndi ethanol wozizira kuwirikiza kawiri kapena kawiri ndi theka. Ukatembenuza chubu kangapo mumaoneka kamtambo koyera ngati thonje lonyowa, kakudzikulunga kokha. Marmur analemba njira yake ya mabakiteriya mu 1961, ndipo DNA ankaikola ndi kandodo ka galasi monga momwe umakolera ulusi. Tsiku loyamba kuona zimenezo ndinaitana aliyense yemwe anali mu labu kuti adzaone. Mpaka lero DNA yaitali kwambiri yomwe ndinatulutsapo inachokera m'njira imeneyi, osati pa kasefa.

Mayi Mbewe: Zoona bambo, koma auzeninso mtengo wake.

Bambo Chirwa: Ndiwauza. Ndili ndi chipsera padzanja lamanzere. Dontho la phenol linalowa pomwe gulovu inathera, ndipo sindinamve kanthu chifukwa phenol imachititsa dzanzi pomwe ikuwotcha. Ndinazindikira khungu litayera. Pamalo pomwe mukugwira phenol pakhale PEG (polyethylene glycol) yopukutira pakhungu ndi madzi ambiri pafupi, ndipo ntchitoyo ichitikire mu fume hood. Kabati yomwe timabzaliramo tizilombo si fume hood, sefa yake imagwira tizilombo koma nthunzi ya chloroform imadutsa. China, phenol ya DNA ikhale pa pH 8. Ikakhala ya asidi, yomwe amagwiritsa ntchito pa RNA, DNA yako imatsikira pansi n'kutayidwa nayo. Ikasanduka yapinki yawonongeka, osaigwiritsa ntchito.

Limbani: Poti mikanda ndi kuwiritsa zatchulidwa, ndiike mawu awa poyera chifukwa pagulu pano pali ophunzira ambiri. Zomwe zanenedwazi musakazitengere ku TB. Mycobacterium tuberculosis khoma lake lili ndi mafuta olimba a mycolic acid, ngati phula, ndipo amafalikira mumpweya. Kugwedeza chubu cha TB wamoyo pa vortex ya pabenchi ndi kudziika m'manda wekha pamodzi ndi anzako. Culture imatsegulidwa mu labu yotetezedwa mwapadera ya BSL-3 mokha, imayamba yaphedwa ndi kutentha, ambiri amagwiritsa ntchito 80°C, ndipo labu iliyonse imayenera kutsimikiza pobzalanso kuti njira yake ikuphadi. Zikatero m'pamene timapita ku lysozyme, SDS ndi proteinase K, kenako mankhwala onga sopo a CTAB ndi mchere kuti zichotse mafuta ndi shuga wa khomalo. Zimatenga masiku awiri.

Thoko: Nanga GeneXpert yoyezera TB ija imatha bwanji m'maola awiri?

Limbani: Imachita zomwezi koma mobisika. Makhololo timasakaniza ndi reagent ya sodium hydroxide ndi isopropanol, magawo awiri pa gawo limodzi, mphindi 15. Mukatiriji tizilombo timakodwa pa sefa, timatsukidwa, kenako makina amatiswa ndi kunjenjemera kwa ultrasound. Ndi nzeru yomweyi ya a Chirwa yoswa ndi mphamvu, kungoti yatsekeredwa m'pulasitiki. WHO inaivomereza mu 2010. Koma DNA yake imathera momwemo, sungaitenge kukachita nayo zina.

Chisomo: CTAB yomwe atchula a Limbaniyo imathandizanso pa Klebsiella wonanda uja, yemwe ukakhudza koloni ndi lupu amatamuka ngati chingamu. Kapisozi wake amatseka kasefa, madzi osadutsa, ndipo nsenga zake sizikhazikika pansi. Chinanso chomwe ndinaphunzira movutika ndi kuchepetsa sampo. Tikaona DNA yachepa timathamangira kuwonjezera tizilombo, pomwe nthawi zambiri kuchulukitsako ndiye kukulepheretsa bafa kugwira ntchito. Ine panopa ndimagwira za madzi a m'mitsinje ndi m'ngalande. Sampo ya mu Mudi nthawi ya mvula imatuluka DNA yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, NanoDrop n'kuonetsa nambala yaikulu, PCR osayenda. Ndi humic acid wa m'dothi. Ukaisungunula kakhumi ndi madzi, mzere uja n'kutulukira.

Mayi Mbewe: Ndipo ophunzira musaone ngati ntchito yotulutsa DNA ndi ya wantchito wamba, yongodutsapo kuti mufike pa zenizeni. Salmonella Typhimurium ST313, yemwe amalowa m'magazi a ana ndi a anthu ofooka chitetezo kuno ku Africa, dziko linamudziwa bwino kudzera mu D23580, isolate yomwe inachokera m'magazi a mwana kuno ku Blantyre mu 2004. Typhoid itakwera mumzinda muno kuyambira 2011, ndi ma genome a tizilombo ta m'mabotolo a magazi a ku Queens omwe anaonetsa kuti ndi mtundu wa H58, wosamva mankhwala atatu akale aja, ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole. Kenako kunabwera kafukufuku wa katemera ku Ndirande ndi Zingwangwa mu 2018, ndipo mu 2023 katemerayo anafika kwa ana dziko lonse. Pa isolate iliyonse ya mumzere umenewo panali munthu yemwe anakhala pabenchi n'kuonetsetsa kuti selo laphulika ndipo chubu sichinasinthane ndi chinzake.

Lachisanu madzulo

Tadala: Akuluakulu ndabwera ndi nkhani. Ndinatenga mikanda kwa a Chirwa Lachitatu. Dzulo ndinayamba ndi ma isolate anayi okha monga anandilangizira: lysozyme ndinaisiya momwemo, kenako mikanda kasanu ndi kamodzi ndi ayezi pakati. Nditazunguza, madzi apamwamba anali oyera, ndipo proteinase K itatha ndinakweza ku windo monga munanenera. Madzi a mpunga aja kulibe. NanoDrop inapereka pakati pa 40 ndi 65 ng/µl, 260/280 ili pa 1.8 ndi kakamwamba pang'ono. Pa jelo pali mzere, ngakhale uli ndi kamchira kotsikira pansi.

Chisomo: Kamchirako ndi kuduka kwa mikanda kuja. Pa PCR yako sikakhudza kanthu.

Mphatso: Eee asisi, mwagwira ntchito! Munaika chubu chopanda kachilombo?

Tadala: Ndinaika, chinadutsa njira yonse ndi anzake, ndipo pa PCR chili zii monga chiyenera. Lero ndamaliza 20 otsalawo. Koma pali china chandidabwitsa. Mwa 24, nuc yatuluka pa 22. Awiri, nambala 9 ndi 17, DNA ilipo yambiri, yoyera, koma nuc palibe. Ndipo nambala 17 ili ndi mzere wa mecA wowala bwino.

Yamikani: Bwerezani awiriwo, mwina ndi pipeti.

Tadala: Ndabwereza masana ano achimwene, n'chimodzimodzi.

Mayi Mbewe: Ma isolate amenewa anakupatsa atalembedwa kale kuti Staph aureus, kapena unawayeza wekha?

Tadala: Ndinawalandira atalembedwa kale mayi. Ine ndinangochita Gram ndi catalase.

Mayi Mbewe: Ndiye n'kutheka kuti awiriwo si aureus. Ma Staph a coagulase negative, osaundanitsa plasma ngati aureus, monga epidermidis wa pakhungu, amaoneka chimodzimodzi pa Gram, catalase ali nayo, ndipo ambiri amanyamula mecA. Ukanapanda kuika nuc, nambala 17 ukanamuwerenga ngati MRSA. Usawataye ndipo usawachotse mu lipoti mwakachetechete. Abzalenso pa blood agar kuchokera mu stock, uone ngati mbale ili ndi mtundu umodzi, kenako tube coagulase, uwerenge pa maola 4 ndi pa maola 24. Onse 24 uwaikenso disiki ya mankhwala a cefoxitin ya 30 µg pa mbale ya Mueller-Hinton kuti tione ngati ikugwirizana ndi PCR. Kwa aureus, bwalo losamera tizilombo pozungulira disiki likakhala 21 mm kutsika pansi ndi wosamva, koma awiri enawo akapezeka kuti ndi mtundu wina malire ake ndi ena, udzayang'ane pa tebulo.

Tadala: Plasma ya coagulase kwathu inatha mwezi watha.

Limbani: Ife tili nayo. Bzalani Lamlungu madzulo kuti Lolemba makoloni akhale a tsiku limodzi. Mubwere nazo mbale zitamatidwa bwino, m'bokosi lotsekeka, osati m'chikwama cha mabuku, ndipo aphunzitsi anu adziwe kuti zatuluka.

Tadala: Ndiwauza usiku uno. Bambo Chirwa, mikanda yatsala pafupifupi theka la botolo, ndikubwezereni liti?

Bambo Chirwa: Sunga kaye mpaka 9 ndi 17 adziwike, mwina ufunika kutulutsanso. Ukabwera nayo ubwere ndi Thoko, ndidzamuonetse za KOH zija.

Thoko: Lachiwiri ndilibe kalasi masana bambo.